Chaka Chimene Esinati Sanayambe Sukulu

Ana anga, poti ndinapuma pantchito ndipo maso ayamba kundivuta, ndati ndilembe za uphunzitsi wanga ndisanayambe kusokoneza zaka. Za ubwana wanga ku Katete sindilembapo. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazifotokoza bwino kuposa ine chifukwa amathirako mchere. Gawo ili ndi lako makamaka iwe Esinati. Wakhala ukundifunsa chifukwa chimene unayambira sukulu mochedwa ndi chaka chathunthu, chonsecho atate ako ndiwo ankalemba ana pasukulu pomwepo. Ndinkakuyankha kuti malo anatha. Sindinkanama, malo anathadi. Koma m'nkhaniyi muli munthu wina dzina lake Bwalya, amene ndinamuchitira kaduka zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi, ndipo ndanena poyera kuti musavutike kundifufuza.

1965

Ntchito ndinayambira pasukulu ina ya kumudzi, kuseri kwa Petauke, dziko litangolandira ufulu. Kumeneko ana tinkachita kupempha. Ndinkapalasa njinga mudzi ndi mudzi kukauza makolo kuti sukulu ndi yaulere, iwo n'kumandiyankha kuti anyamata ali kubusa ndipo atsikana akulera ang'ono awo. Ena ankati akamva belu la njinga yanga, ana amawathamangitsira kudimba. Hedimasitala wanga woyamba anali a Daka, mkulu wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kuyeza mwana ndi khutu. Nthawi imeneyo panalibe mwana wokhala ndi chikalata cha kubadwa. Ukafunsa mayi kuti mwanayu anabadwa liti, ankakuyankha kuti nthawi yokumba mtedza, chaka chimene agogo ake anadwala mwendo. Ndiye mwana tinkamuimika, n'kumuuza kuti adutse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, agwire khutu lakumanzere. Akaligwira ndiye kuti wakwana zaka zoyambira sukulu. Akalephera, a Daka ankangomupendeketsa mutu pang'ono ndi dzanja lawo, zala n'kufika, iwo n'kunena kuti lembani ameneyo. Madesiki anali opanda anthu, ndiye khutu unali mwambo chabe wosekererapo. Ndili komweko ndinakwatira amayi anu.

1968

Chaka chimenechi anandisamutsira ku Lusaka, kukasukulu kakang'ono ka boma m'mbali mwa Chawama, chakufupi ndi msewu wa Kafue. Zipinda zophunziriramo zinali zochepa, ana ena ankabwera m'mawa ena masana, ndipo giredi iliyonse inali ndi kalasi imodzi basi. Nyumba ya aphunzitsi inali imodzi, ya hedimasitala, ya malata, mpopi uli pakhomo. Enafe tinkadzifunira tokha m'komboni. Ine ndi amayi anu tinapeza zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya Che Saidi, telala wachisilamu amene anachokera ku Malawi ali mnyamata. Makina ake osokera ankakhala pakhonde, ndipo sankaima kupatula Lachisanu masana akapita kumzikiti. Tsiku limene tinatsitsa katundu, mkazi wake, Abiti Jafali, anatilandira ali ndi khanda kumbuyo, lopanda dzino ndi limodzi lomwe. Khandalo linali Amina. Iwe Esinati unabadwa patatha zaka ziwiri, ndipo Abiti Jafali ndiye anakusambitsa madzi oyamba amayi ako atatuluka kuchipatala.

Ku Chawama zinthu zinali zotembenuka. Kuno makolo ndiwo ankapempha, ife n'kumakana. Anandipatsa giredi wani pamodzi ndi ntchito yolemba ana atsopano, ndipo malo anali makumi anayi, pamene ana obwera ankadzaza bwalo lonse. Zaka zoyambazo ndikaitana mayina m'mawa zinkakhala ngati ndili kwathu: Phiri, Banda, Tembo, Zulu, Mbewe. Panali Asoli ndi Alenje owerengeka, eni nthaka, ndi Atonga awiri atatu a makolo ogwira ntchito kunjanji. Ana a Asilamu anzake a Che Saidi anali ochepa kwambiri. Anyamata ankabwera pang'ono, masana n'kupita kumadarasa, koma atsikana kunalibe. Makolo awo ankaopa ofesi iliyonse ya boma, poti ukalowamo amayamba kukufunsa kumene unabadwira.

Hedimasitala anali a Mwale, munthu wabwino koma wodwaladwala. Ntchito yawo yambiri ndinkagwira ndine. Ndinkapita ku unduna kukapempha choko, ndinkaweruza milandu ya ana, ndinkatseka zitseko madzulo. Makolo ankanditcha wachiwiri kwa ahedi ngakhale kuti kalata yake panalibe. Aliyense ankadziwa kuti a Mwale akapuma, mpando ndi wa ine Sakala, ndipo nanenso ndinkadziwa choncho. Amayi anu anali atasankha kale malo odzalapo repu kuseri kwa nyumba ya mpopi ija.

1971

Kenaka kunabwera Bwalya, kuchokera ku Mufulira. Anali wamng'ono kwa ine pa zaka ndi pantchito pomwe, wamtali, tsitsi lopesa kuimirira, nsapato za zidendene zazitali, gitala kumsana. Amene anamulandira pageti ndine. Mwezi wake woyamba ankadya kwathu, ndipo amayi anu ankamuchapira malaya pomumvera chisoni kuti ndi mbeta. Chinyanja chake chinali chija cha m'tauni, chothyokathyoka, cha vinthu ni vovuta, koma ana ankamukonda ngati wawadyetsa mankhwala. Ine ndinkaphunzitsa mwana kugwira pensulo mpaka zala kuphwanya, koma akafika giredi faivi n'kuimba nyimbo imodzi ndi Bwalya, mwana yemweyo ankandidutsa panjira akuthamangira kukamunyamulira mabuku. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinkati tiyeni tidikire, kalumo kamabuntha. Ka Bwalya sikanabunthe.

Nyengo nayo inamukomera. Mabanja ambiri ochokera kumigodi ndi kumpoto anayamba kufika m'Chawama, ena ogwira ntchito m'mafakitale, ena ogulitsa kapenta ndi nyemba kumsika. Mayina m'kalasi mwanga anasintha: Mulenga, Chanda, Mwamba, Mutale, a Phiri n'kumachepa. Pa nthawi yopuma ndinayamba kumva Chibemba pabwalo pamene kale pankamveka Chinyanja chokhachokha. Ana amenewo ndinalibe nawo chifukwa, anali ana ngati ena onse, ndipo ena anali anzeru zoopsa. Chimene chinkandiwawa n'chakuti amayi awo ankadutsa tebulo langa ngati palibe munthu, n'kukagwada kwa Bwalya kumupatsa moni wa kwawo. Anayambitsanso kwaya ya sukulu, ndipo tcheyamani wa chipani m'dera lathu anayamba kuitenga kumisonkhano. Kukhale mlendo wochokera ku boma, ana athu kutsogolo, Bwalya akuwaimbitsa manja ali m'mwamba, ine ndili kumbuyo ndi kamtengo kuletsa ana kukankhana.

1974

A Mwale atapuma, kalata inabwera ndi dzina la Bwalya. Akuti anali ndi satifiketi ina imene anaphunzira kudzera pa positi. Ndinamva nkhaniyi kwa mlonda, ndisanalowe n'komwe muofesi. Tsiku limenelo ndinaphunzitsa masamu osadziwa chimene ndikulemba pabolodi. Madzulo ndinamuthandiza kunyamula bedi kulowetsa m'nyumba ya mpopi, ndikumwetulira mpaka masaya kupweteka. Anali atangokwatira, ndipo mkazi wake anadzala maluwa pamalo a repu paja. Amayi anu akamabwera kuchokera kumpopi wa m'komboni, ndowa pamutu, ankadutsa njira ina kuti asawaone.

Ndinene chilungamo, chifukwa munthuyu anamwalira ndipo sangadziyankhire. Bwalya sanali wakuba, sanali chidakwa, sankamenya ana mopitirira. Zaka zimene sopo, mafuta ophikira ngakhale choko zinkasowa, iye ankapita m'tauni ndi kumwetulira kwakeko n'kubwera ndi bokosi la choko, pamene ine ndinkabwerako ndi fumbi kumapazi. Ndipo chimenecho ndicho chinkandidya. Akanakhala woipa, bwenzi mtima wanga utapuma, ndikumati boma linalakwitsa. Ankanditcha ba Sakala mwaulemu, akumandifunsa nzeru pamaso pa anthu, n'kukazinena ku unduna ngati zake. Mwina sankadziwa n'komwe kuti akutero.

Atangokhala pampando anakhwimitsa lamulo la kulemba ana. Panali chifukwa chake, poti anthu anali atayamba kubwera ndi nkhuku ndi timakalata tochokera kwa akuluakulu a chipani. Iye anati zonsezo zithe. Mwana wokhala ndi khadi la kusikelo, tione khadi. Wopanda khadi, agwire khutu, mutu uli chilili, popanda kupendeketsa. Wopitirira zaka zisanu ndi zinayi, wachedwa, asalembedwe. Lamulo linali lake, anthu n'kumamutamanda kuti alibe tsankho, koma woimirira padzuwa kubweza ana a eni ndinali ine. Amayi a m'Chawama nawo anachenjera. Kukatsala mlungu umodzi ankameta ana mpala kuti tsitsi lisatchinge dzanja, atsikana n'kuwamasula zingwe za kumutu, ndipo m'mawa uliwonse ankawakoka mikono ngati akuwongola nsungwi. Ukayenda m'komboni masiku amenewo, khomo lililonse unkaona kamwana ka mutu wonyezimira kakulimbana ndi khutu lake.

Lamulo limeneli linagwira Amina. Anabadwira m'nyumba, analibe khadi, ndipo anatengera amayi ake, wamfupi, mikono yaifupi, mutu waukulu bwino. Che Saidi anali woyamba mwa anzake kunena kuti mwana wake wamkazi aphunzire, ndipo kumzikiti ena ankamuseka. Chaka choyamba zala za Amina sizinafike. Ndinamunong'oneza Bwalya kuti mwanayu ndikumudziwa, wakwana. Anati lamulo likapindika kwa mmodzi lapindika kwa onse, abwere chaka chamawa. Chaka chamawacho sizinafikenso. Che Saidi sanadandaule, ankangoti Mulungu akalola adzalowa, n'kupitiriza kupalasa makina ake.

1976

Kulemba ana kunkachitika chakumapeto kwa chaka, kuti adzayambe mu Januwale. Tsikulo ndinafika m'mawa n'kupeza mzere wa miyala ndi zitini kuchokera pakhonde la ofesi mpaka kunja kwa geti, chilichonse chikusungira mayi wina malo. Iwe Esinati unali m'gulu la oyamba. Unali ndi khadi, komanso unatengera ine mikono yaitali, moti unagwira khutu n'kupitirira mpaka kutsaya, anthu n'kuseka. Ndinalemba dzina lako ndi dzanja langa, mtima uli mbee. Yunifomu yako Che Saidi anali atasoka kale, ili pamsomali kuchipinda.

Amina anafika patebulo dzuwa litakwera. Amayi ake anamuvula kampango kumutu pamaso pa anthu onse, chinthu chimene sankachita, ndipo ndinaona kuti nayenso amumeta. Mwanayo anakweza dzanja, analuma mlomo, anadzikoka mpaka kuimirira ndi zala za kumapazi. Panatsala kampata kolowa chala chimodzi. Abiti Jafali anandiyang'ana. Tonse awiri tinkadziwa kuti Januwale akubwerayo Amina akwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo akabwerera ulendo uno ndiye kuti sukulu yamuthera pomwepo. Ndinawauza kuti adikire pamthunzi mpaka mayina awerengedwe.

Masana tinalowa muofesi kukatseka mndandanda. Tinalimo ine, Bwalya, ndi tcheyamani uja, amene ankabwera chaka chilichonse akuti kudzaona kuti zinthu zikuyenda mwachilungamo. Malo onse makumi anayi anali atadzaza. Bwalya anayamba kufotokozera tcheyamani mmene njira yake ya khutu yathetsera ziphuphu, ndipo tcheyamani anagwedeza mutu n'kunena kuti akakamba za iye kwa akuluakulu, kuti masukulu ena atengerepo phunziro. Njira yake! Njira imene ndinaphunzira kwa a Daka iye akadali pasukulu, imene ndinkaimirira nayo padzuwa iye ali pamthunzi. Ndikanatha kuyamba nkhani ya Amina mofatsa, tcheyamani atapita, koma ndinafuna kuti tcheyamaniyo amve. Ndinati njira imeneyi ndi yakhungu, imayeza mkono osati zaka, ndipo panja pali mwana amene tamubweza katatu chonsecho ndi wamkulu kwa mwana wanga ndi zaka ziwiri. Ndinati ndinamupeza ali kumbuyo kwa amayi ake tsiku limene ndinafika mu Lusaka, ndipo ngati hedimasitala sakhulupirira mphunzitsi wake, anene.

Tcheyamani anafunsa kuti mwana wa yani. Atamva kuti wa telala wa ku Malawi, anafunsa ngati ndikufuna kuchotsa mwana wa m'dziko muno kuti ndilowetse mlendo. Ndinamuyankha kuti mchombo wa mwanayo unakwiriridwa kuseri kwa nyumba imene ndimagona, m'Chawama momwemo, ndiye ulendo wake ndi uti. Bwalya sanakwiye. Munthu uja sankakwiya, n'chifukwa chake ankandipsetsa mtima. Anatembenuza mndandanda, n'kuukankhira kwa ine pamodzi ndi cholembera.

"Ba Sakala, nakumvelani. Manje kalasi yazula, madesiki kulibe, na ba inspekita bazabwela kupenda mitu. Ngati mufuna mwana wa ba landilodi banu angene, nionetseni wamene tizachosa."

Ndinayang'ana mayina aja. Dzina lililonse linali ndi mayi wake panja, amene anaika mwala pamzere n'kumeta mwana wake. Panali dzina limodzi lokha limene kholo lake linali m'chipindamo. Iwe unali ndi zaka zoti ukhoza kudikira chaka china osatayika, Amina analibe. Chimenecho ndi chifukwa chabwino, ndipo n'choona. Koma pali chifukwa chinanso, ndipo nachonso n'choona: ndinkafuna kuona nkhope ya Bwalya itagwa kamodzi kokha pamaso pa tcheyamani. Ndinatola cholembera. Bwalya ataona pamene ndaloza, kumwetulira kunamuthera.

"Ba Sakala, osachita vaukali. Uyo ni mwana wanu. Ganizani bwino."

Akanakhala chete mwina ndikanazengereza. Koma kundiuza iye, mnyamata amene ankadya kwathu, kuti ndiganize bwino za mwana wanga? Ndinadula mzere pa dzina lako, n'kulemba Amina Saidi pambali pake. Tcheyamani anatsokomola n'kunena kuti izi ndi za aphunzitsi, iye alibe nazo mawu. Kwa kamphindi kameneko ndinamva kukoma, sindibisa.

Kukomako sikunafike ndi pageti pomwe. Mwambo unali wakuti mayina amawerenga ndi hedimasitala, ataimirira pakhonde. Bwalya atafika pa dzina la Amina, Abiti Jafali analulutira, anathamanga n'kukagwada pamapazi ake. Iye anamudzutsa, n'kuuza khamu lonse kuti sukulu ni ya bana bonse, kulibe mutundu, kulibe chalichi. Anthu anawomba m'manja. Ndinadikira kuti atchule dzina langa, sanatchule. Mayina anatha, ndipo amayi ako anali chiimire pansi pa mtengo, atakugwira dzanja, akudikirabe lako.

Kunyumba amayi ako sanandilankhule mpaka ndinawafotokozera zonse. Atamva anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Atate ake Esinati, mukanandifunsa ndikanavomera, Amina ndi mwana wanganso. Koma inu simunapereke malowo kwa Amina. Munamuponyera Bwalya kumaso, ndipo chimene munaponyacho ndi mwana wanga." Anafuna kukauza Abiti Jafali, ine ndinawaletsa. Ndinkamudziwa Che Saidi. Akanamva kuti mwana wake wakhala pa desiki la Esinati, akanamutulutsa tsiku lomwelo chifukwa cha manyazi, ana onse awiri n'kukhala pakhomo. A kwa Saidi tinangowauza kuti Esinati ngwamng'ono, ayamba chaka china, iwo n'kutipepesa. Ndiponso mumtima ndinkati Bwalya ndi munthu wa chilungamo, tsiku lina adzanena yekha.

1977

Sukulu itatsegulidwa, Amina ankatuluka m'mawa ndi kampango koyera ndi sileti m'manja. Iwe unkadzuka nthawi yomweyo, n'kuvala yunifomu yako, n'kukhala pakhomo kumuyang'ana mpaka atakhota. Amayi ako ankakuvula, mawa lake n'kuvalanso. Ine ndinkatulukira khomo lakuseri ndi njinga yanga.

Patapita milungu ingapo ndinaona Che Saidi wabwera ndi nsalu yotuwa, yolimba, ya mtundu umene masiku amenewo sunkapezeka m'sitolo popanda kudziwana ndi munthu. Madzulo ena anandiitana pakhonde, tepi ili m'khosi, n'kuti, "Aphunzitsi, taimani apa pang'ono." Anandiyeza mapewa, mikono, chiuno, mwendo, osanena kanthu, akungolemba ndi kachoko pa nsalu. Ana anga, ndinalowa m'nyumba ngati ndikuuluka. Ndinauza amayi anu kuti nkhani yamveka, mwina tcheyamani walankhula, mwina Bwalya waulula, ndipo mkuluyu akufuna kuthokoza mwa njira yake, mwakachetechete. Inali suti ya safari, ya matumba anayi, imene akuluakulu onse ankavala nthawi imeneyo, ndipo ine ndinali ndisanakhalepo nayo. Masiku onse amene makina ankalira, ndinkadutsa pakhonde ndikuyang'ana kumbali ngati sindikudziwa kanthu. Ndinakonzeratu ndi mawu okana ulendo woyamba, kuti ndidzalandire ulendo wachiwiri.

Lolemba lina m'mawa anandiimitsa ndikutulutsa njinga. Anali ndi phukusi lokulunga m'pepala, lomanga ndi kachingwe ka nsalu. Analigwira ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, inu mumapita komweko. Munditengereko ichi kwa ahedi. Ine kuofesi sindizolowera, ndipo kuwayeza ndinachita manyazi, ndiye ndinayeza inu n'kuwonjezera zala ziwiri m'mapewa ndi m'litali. Mukawauze kuti Saidi alibe mawu. Mwana wanga anali atatayika, iwo amutola."

Ndinalandira ndi manja awiri inenso. Ndinatsala pang'ono kuulula zonse, koma kumbuyo kwa Che Saidi kunali Amina akumanga lamba wa nsapato, ndiye ndinangoti ndikafikitsa. Iwe unali pakhomo ndi yunifomu yako. Unapempha kuti unyamule phukusilo, ukaoneko kusukulu, ndipo tsiku limenelo ndinalibe mphamvu zokukaniza. Ndinakukweza pakaliyala, phukusi pamiyendo, tinapita.

Bwalya tinamupeza muofesi. Unagwada n'kupereka, monga anakuphunzitsira amayi ako. Ndinanena uthenga wa Che Saidi wonse, liwu ndi liwu, ndikumuyang'ana m'maso. Anamasula n'kuona sutiyo. Kenaka anakuyang'ana iwe, n'kukufunsa mwachizolowezi chake chofunsa mwana aliyense wa yunifomu kuti uli mu giredi bwanji. Unayankha kuti, "Sindili mu giredi. Atate anati malo anatha." Apo anakuzindikira. Anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa kuti akawauza ba Saidi zoona zake. Ndinamuuza kuti asayerekeze, akatero Amina achoka. Ndinadzitsekera ndekha khomo, ndipo iye sanalimbane nane. Ndinaona mapewa ake akumasuka. Anavula jekete lake, anavala la safari lija, anamanga mabatani, n'kutembenuka kuti ndimuonere ngati kumbuyo kwakhala bwino. Ndinamuuza zoona, kuti kwakhala bwino.

Chaka chotsatira unalowa, ndipo m'kalasi monse unali wamtali kuposa anzako mpaka giredi seveni. Anthu a kumzikiti ataona Amina, anayamba kubweretsa atsikana awo, mayina a Mariamu ndi Asiyatu n'kuyamba kumveka ndikamaitana m'mawa, ndipo ku unduna anayamikira Bwalya kuti watsegulira khomo ana amene kale sankabwera. Che Saidi anamwalira akumutchulabe m'mapemphero. Sutiyo Bwalya ankaivala tsiku lokumbukira ufulu chaka chilichonse, ndipo ine, wachiwiri wake, malo anga anali kumbuyo kwake. Ana akuimba, ine maso ali pa mapewa aja, mapewa anga owonjezera zala ziwiri.

Ndiye ukandifunsanso kuti chaka chako chinapita kuti, Esinati, theka linapita kwa Amina, ndipo limenelo sindinadandaulepo nalo. Theka linalo analivala Bwalya, ndipo linamukhala.